Kaufiti wabweranso? Nkhani yagona pa kutentha kwa dothi

Dandaulo lake limakhala lomwelo chaka ndi chaka. Munda unalimidwa bwino, chimanga chinamera mwamphamvu, koma pofika kumapeto a Disembala chayamba kupinimbira, masamba akupotana pomwe mvula yagwa dzulo lomweli. Mu Januwale timaluwa tofiira tija tatulukira m'mizere. Mwini munda amazula, amapalira, ena amatentha mapesi akakolola, koma dzinja lotsatira kaufiti ali pomwepo, mwinanso wafutukukira mbali ina ya munda imene kale kunalibe.

Kuzula n'koyenera, ndipo tifikako. Koma kaufiti akamatulukira pamwamba amakhala atatha kale milungu inayi kapena kuposerapo ali pansi, atakakamira pa muzu wa chimanga, akuyamwa madzi ndi chakudya. Chimanga chimawonongeka kwambiri nthawi imeneyo, ife tisanaone kanthu. Ndiye kuti vutoli lichepe tiyenera kudziwa chimene chimadzutsa njere yake. Pa zinthu zimene zimaidzutsa, chimene alimi timachiiwala kawirikawiri ndi kutentha kwa dothi.

Zimene njere imadikira isanamere

Kaufiti wa maluwa ofiira amene wafala m'minda ya chimanga ku Lilongwe, Kasungu, Mchinji, Dowa, Ntcheu, Machinga ndi Mzimba, akatswiri amamutcha Striga asiatica. Amagwira chimanga, mapira, mawere, mpunga wa kumtunda ndi nzimbe. Mukafikisa kachibalobalo kake kouma pachikhatho, njere zake zimaoneka ngati fodya wamphuno. Imodzi siikwana n'komwe theka la milimita. Kaufiti mmodzi wonenepa amatha kubereka njere zofika 50,000, ndipo zikalowa m'dothi zina zimakhala ndi moyo zaka zoposa 10.

Njere yaying'ono chonchi ilibe chakudya chokwanira m'kati mwake. Ikangomera iyenera kupeza muzu wa chimanga pamtunda wa mamilimita ochepa chabe, m'masiku ochepa, apo ayi imafa. N'chifukwa chake siimera mwachisawawa ngati chisoso kapena bonongwe. Imadikira zinthu zitatu motsatizana, ndipo pa chilichonse mwa zitatuzi kutentha kuli ndi gawo lake.

Njere yongogwa kumene mu Malichi kapena Epulo siingamere ngakhale mutaithirira. Imafuna kukhala miyezi ingapo ili youma kuti ikhwime m'kati, ndipo kutentha kumafulumizitsa kukhwimako. Dzuwa la mu Okutobala limene timaganiza kuti likuwotcha chilichonse m'munda, njere ya kaufiti siliipha. Limangoikonzekeretsa.

Mvula ikagwa, njere imamwa madzi n'kukhala sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina zitatu, m'dothi lonyowa komanso lofunda. Pa madigiri apakati pa 25 ndi 35 zimenezi zimayenda msanga, dothi likazizira zimachedwa. Nthawi imeneyi isanakwane njere siimva kanthu, ngakhale muzu wa chimanga utadutsa pambali pake penipeni.

Ikakonzeka tsopano imatchera khutu ku mizu. Mizu ya chimanga imatulutsa timankhwala tochepa kwambiri m'dothi, timene akatswiri amati strigolactone. Toyamba mwa timeneti tinapezeka mu 1966 m'madzi ochokera ku mizu ya thonje, ndipo mfundo ya thonjeyi muisunge, itithandiza kutsogoloku. Njere yokonzeka ikamva timankhwalati imamera m'tsiku limodzi kapena awiri, makamaka dothi likakhala pa madigiri 30 mpaka 35. Kutentha kukatsika kupitirira 20, zomera zimakhala zowerengeka.

Palinso china chimene chimasokoneza anthu ambiri. Njere ikakhala milungu yambiri m'dothi lonyowa osamva muzu uliwonse, imabwerera kukagona. Siinafe. Imadikira dothi liume, chaka china iyambirenso.

Mukadziwa zimenezi, madandaulo ambiri a kaufiti amayamba kumveka. Tiyeni tiwaone.

"Chaka chatha anali wochepa, chaka chino wadzaza munda"

Kumbukirani mmene mvula inagwera m'milungu yoyambirira ya zaka ziwirizo. Chaka chimene mitambo imaphimba masiku ambiri, mvula ikugwa mosalekeza, dothi limakhala lozizira ndi lonyowa kwambiri, njere zochepa ndi zimene zimamera, zambiri zimabwerera kukagona. Chaka chimene mvula imagwa tsiku limodzi, dzuwa n'kuswa mtengo masiku anayi, kenako igwenso, dothi limakhala lofunda ndi lachinyezi, ndipo zimenezi n'zimene njere imafuna. Kukabwera ng'amba pambuyo pake chimanga chimavutika kawiri, chifukwa kaufiti timabowo ta m'masamba ake timakhala totsekula pafupifupi nthawi zonse, amakoka madzi mwamphamvu kuchokera ku chimanga chimene chili kale ndi ludzu.

Choncho chaka chimene kaufiti waoneka wochepa musanyengedwe n'kusiya kuzula. Njere zili momwemo. Ndipotu chaka chotero ndi chimene ntchito yozula imapepuka, mukhoza kumaliza munda wonse popanda ngakhale mmodzi wobereka njere.

Ngati mukufuna kudziwa ngati dothi la munda wina lili ndi njere, mwachitsanzo munda wobwereka umene simukudziwa mbiri yake, tapani dothi lapamwamba m'malo angapo, mulisakanize, muthire mu ndowa yakale yoboola kunsi. Bzalanimo njere zitatu za chimanga kapena mapira, muike pamalo owala dzuwa, muzithirira pang'onopang'ono osadzaza madzi. Pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi khuthulani ndowayo, mutsuke mizu m'beseni mosamala. Mukaona timphukira toyera, tonenepa, tokhala ngati tili ndi mamba, tomatirira pa mizu, ameneyo ndi kaufiti. Koma chitani zimenezi mu Seputembala kapena Okutobala. Mukayesa mu Juni dothi lidzakunamizani kuti mulibe kanthu, pomwe chikuletsa njere kumera ndi chisanu.

Ndi chifukwa chomwechi chimene chimanga cha kudimba cha nthawi yozizira sichivutika kwenikweni ndi kaufiti. Usiku wa mu Juni ndi Julayi madera ambiri okwera amazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsika pamenepo, ndipo dothi la m'dambo limakhala lonyowa nthawi zonse.

"Mbali imodzi ya munda ndi imene imavuta"

Tsiku lina mu Novembala kapena Disembala, dzuwa lili paliwombo, yendani m'munda mwanu muzigwira dothi. Ikani chikhatho pamwamba pa mzere wopanda chophimba, kumene kuli mchenga. Kenako pisani dzanja pansi pa mapesi kapena masamba ogwa, kapena pamalo a katondo pamene pali manyowa. Kusiyana kwake simufunika chida choyezera kuti mukumve. Mukabweranso mu Januwale, kawirikawiri mudzapeza kuti timaluwa tofiira tachuluka kumene kunkatentha dzanja kuja.

Dothi lamchenga limatentha msanga, limauma msanga, komanso ndi limene limaguga msanga. Kugugako kumawonjezera moto, chifukwa chimanga chikasowa chakudya, makamaka nayitirojeni ndi fosifolasi, mizu yake imatulutsa timankhwala tija tochuluka. Chimanga chanjala ndi chimene chimaitana kaufiti mokweza. Kuwonjezera apo chimanga chopinimbira sichiphimba mizere, dzuwa limapitiriza kufika pansi, dothi limakhalabe lofunda, njere zina zimapitiriza kumera mpaka mu Januwale.

Apa pali zochita, ndipo pa zonse za m'nkhaniyi zimenezi ndi zimene ndimaziikira mtima kwambiri.

Phimbirani nthaka. Mapesi, masangwi a mtedza, masamba a nandolo, udzu wosakhwima njere, zonsezi zimatchinga dzuwa, dothi la m'mwamba limene muli njere zambiri silifika pa kutentha kuja. Amene ali pa ulimi wa mtayakhasu amapindulanso kwina. Pogalauza mizere chaka ndi chaka timakwirira njere zatsopano pamene mizu idzadutse, n'kufukulanso zakale zimene zinali pansi. Osatembenuza dothi, zambiri zimatsala pamwamba, kutali ndi mizu. Chenjezo lake ndi limodzi: musatute mapesi m'munda wa kaufiti n'kukaphimbira munda wabwino, mutengera njere komweko. Ngati zophimbira n'zochepa, monga zimakhalira kumene ziweto zimayenda momasuka m'chilimwe, musazimwaze munda wonse mopyapyala. Ziunjikeni mokwanira pa zigawo zimene kaufiti amavuta.

Thandizani chimanga kutseka mizere msanga. Mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, monga mwa kabzalidwe ka Sasakawa, imapereka mthunzi mofulumira kusiyana ndi mizere yotayana ya njere zitatuzitatu paphando. Kubzala khobwe, nyemba kapena maungu pakati pa chimanga kumaphimbanso pansi. Mthunzi umaziziritsa dothi, komanso kaufiti amene watuluka kale sakondwa pamalo amthunzi ndi achinyezi, chifukwa sangathe kukoka madzi mwamphamvu monga amachitira padzuwa.

Feteleza wokulitsa athiridwe nthawi yake, pobzala kapena chimanga chikangomera. Alimi ambiri amasunga thumba lawo limodzi kudikira chimanga chifike m'mawondo, koma m'munda wa kaufiti pofika nthawi imeneyo mizu yaitana kale. Ngati feteleza ndi wochepa, manyowa owola bwino a khola kapena kompositi oikidwa paphando amathandiza kwambiri, chifukwa amadyetsa chimanga komanso amasunga chinyezi. Onetsetsani kuti awoladi. Ndowe yaiwisi ya ng'ombe zimene zimadya m'minda ya kaufiti ikhoza kubwera ndi njere.

"Ndibzale msanga kapena ndichedwe?"

Funso ili anthu amatsutsana nalo, ndipo onse awiri ali ndi pogwira. Amene amabzala mochedwa kwambiri nthawi zina amaonadi kaufiti wochepa, chifukwa njere zambiri zimakhala zatopa kudikira n'kubwerera kukagona, komanso dothi limakhala layamba kuzizira ndi mvula yambiri. Koma dzinja lathu ndi limodzi ndipo ndi lalifupi. Chimene mungapulumutse kwa kaufiti mudzachitaya chifukwa chochedwa, mwinanso kuposa. Ine sindingamulangize munthu kuchedwa dala.

Nthawi imene ndimaiopa kwambiri ndi yapakati. Mvula yobzalira yagwa, inu mukadali kukonza mizere kapena kusaka mbewu, n'kudzabzala patatha milungu iwiri. Pamenepo njere za kaufiti zamaliza kukonzeka, zikungodikira, ndipo timizu toyamba ta chimanga tikangotuluka zimatigwira tili tanthete. Amene wabzala ndi mvula yoyamba yokwanira, chimanga chake chimayambira limodzi ndi njere za kaufiti, ndipo pamene njerezo zikukonzekera sabata imodzi kapena ziwiri, chimanga chimakhala chikuzika mizu. Kaufiti akachedwa kugwira, kuwononga kwake kumachepa. Ndiye munda wa kaufiti ukhale wokonzeka mvula isanagwe, ndipo ukhale woyamba kubzalidwa. Mbewu yocha msanga imathandizanso.

Chizimalupsa chisakupupulumitseni. Kamvula kamene kamanyowetsa pamwamba pokha kenako n'kuuma sikokwanira chimanga, ndipo mukabzala n'kupserera mudzabwereza kubzala pa nthawi yoipa ija.

"Ndinatentha mapesi koma sizinathandize"

Moto wa mapesi umadutsa mofulumira. Ukhoza kupsereza njere zina zimene zili pamwamba, koma kutentha kwake sikulowa pansi mokwanira kupha zimene zakwiririka masentimita angapo. Chimene chimatsala ndi dothi lambee, lopanda chophimba, limene lidzatenthe kwambiri mvula ikayamba, komanso chonde chimene mapesiwo akanabwezera chapita ndi utsi. Moto uli ndi ntchito imodzi yokha pa nkhondo iyi, yotentha kaufiti amene mwazula.

"Ndinasintha mbewu chaka chimodzi, kaufiti sanathe"

Tibwerere ku thonje lija. Pali mbewu zimene mizu yake imatulutsa timankhwala todzutsa njere za kaufiti wa chimanga, koma kaufitiyo sangathe kukhala pa mizu yake. Njere imamera, imasowa pogwira, imafa. Thonje, soya, mtedza, khobwe, nandolo ndi mpendadzuwa zili m'gulu limeneli, ngakhale mphamvu yake imasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu. Uwu ndi mwayi waukulu wa mlimi, chifukwa njere iliyonse yomera pachabe yachoka m'munda mpaka kalekale, inu mukukolola mbewu ya ndalama kapena ya ndiwo, ndipo za mtundu wa nyemba zikuwonjezeranso chonde.

Koma njirayi imagwira ntchito pokhapokha njere zili zokonzeka ndipo dothi lili lofunda. Ambiri timayamba kubzala chimanga, fodya tawokera, kenako soya ndi mtedza timadzabzala kumapeto a Disembala kapena mu Januwale. Pofika nthawi imeneyo njere zambiri zagonanso, mizu ya soya ikuitana pachabe. Ngati cholinga chanu ndi kutsuka munda, bzalani mbewu zimenezi koyambirira kwa dzinja, mothithikana, mizere iwiri pamzere umodzi monga alangizi amaphunzitsira pa soya ndi mtedza, kuti mizu ifike paliponse. Kumbukirani kuti njere imamva muzu umene uli pafupi nayo kwambiri, ndiye mizu ikachuluka, njere zodzutsidwa zimachulukanso. Palirani bwino maudzu, chifukwa ena mwa maudzu a m'munda kaufiti amakhalanso pa mizu yake, komanso zulani chimanga chongomera chokha. Phesi limodzi lotsala pakati pa soya likhoza kulera kaufiti wobwezeretsa njere zonse zimene mwapha.

Chaka chimodzi sichingakwane. Ku America kaufiti wa mtundu womwewu anapezeka mu 1956 ku North Carolina, ndipo kenako ku South Carolina. Boma lakumeneko linafika popopera mpweya wa ethylene m'dothi kuti njere zimere popanda chogwira, ndipo ankachita zimenezi dothi likakhala lofunda ndi lonyowa, njere zitakonzeka. Ndi makina onsewo, ntchitoyo inawatengera zaka makumimakumi. Ife tikayika munda pa kasinthasintha wa zaka ziwiri kapena zitatu tisanabwezeremo chimanga, tiyembekezere kuti kaufiti achepe, ndipo tipitirize kumuzula akaoneka.

Samalaninso ndi kaufiti wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amagwira khobwe, mtedza, soya ndi nzama, osati chimanga. Mukaona mbewu za mtundu wa nyemba zikuchita chikasu ndi kupinimbira, timaluwa tachikasu tili m'munsi, m'munda umenewo sankhani thonje kapena mpendadzuwa, kapena khobwe wopirira wotchedwa Mkanakaufiti.

Ena amva za mtundu wa chomera cha m'gulu la nyemba wotchedwa desmodium umene bungwe la icipe la ku Kenya limalimbikitsa kubzala pakati pa chimanga. Umathandizadi: umaphimba nthaka, ndipo mizu yake imadzutsa njere za kaufiti n'kuziletsa kugwira chimanga. Vuto lake limakhala kupeza mbewu ndi kuuteteza ku ziweto m'chilimwe. Palinso mbewu ya chimanga yokutidwa ndi mankhwala a imazapyr amene amapha kaufiti pamene akufuna kugwira muzu. Mankhwalawo amayenera mitundu ya chimanga yokhayo yopangidwira zimenezo, ndipo amapha nyemba zobzalidwa phando limodzi. Mukaipeza, funsani alangizi a m'dera lanu musanabzale.

"Ndimazula chaka chilichonse, bwanji sakutha?"

Funso loyamba ndi lakuti mumazula liti. Kaufiti akachita maluwa, pamangopita milungu yochepa njere n'kukhwima, ndipo maluwa amayambira m'munsi kukwera m'mwamba. Pamene kunsonga kukuoneka kofiira, tizibalobalo ta m'munsi tikhoza kukhala titayamba kale kuuma. Nthawi yabwino ndi pamene maluwa oyamba angoyamba kuoneka. Mukazula ali wamng'ono kwambiri amaduka n'kuphukanso, mukachedwa mumamwaza njere ndi manja anu.

Lachiwiri ndi lakuti mumamuika kuti. Kaufiti wozulidwa ali ndi maluwa n'kutayidwa mumkwasa kapena m'malire a munda amatha kumaliza kukhwimitsa njere ali chigonere pomwepo. Yendani ndi thumba lopanda zibowo, muzimuponyamo, mukamutenthe pamalo amodzi kunja kwa munda. Musamuike pa kompositi kapena kupatsa ziweto.

Lachitatu ndi limene limatigwetsa ambiri. Timapalira kawiri, timabandira, chimanga chikamasula ngayaye timati ntchito yatha. Koma njere sizimera tsiku limodzi. Malinga dothi likadali lofunda ndi lonyowa, ndipo mizu yatsopano ikutuluka, zina zimamerabe, ndipo kaufiti wa mu Febuluwale ndi Malichi ndi amene amadzaza munda ndi njere chifukwa palibe amene amamulabadira. M'munda wa mapira amapitirira ngakhale mutadula ngala, chifukwa zitsa zimakhala zikadali zamoyo. Yendani m'munda milungu iwiri iliyonse kufikira mutakolola, ndipo mukakolola mudutsemonso kamodzi.

Mankhwala a 2,4-D amapha kaufiti amene watuluka, ndipo m'munda waukulu wa chimanga chokhachokha angathandize kuletsa njere zatsopano. Sabweza zimene zawonongeka kale pansi, ndipo amawononga nyemba, khobwe, maungu ndi thonje, ngakhale za m'munda woyandikana nawo mphepo ikawomba. Tsatirani zolembedwa pa botolo.

Njere zimalowanso kuchokera kunja: madzi othamanga ochokera m'munda wakumtunda, matope omatirira ku khasu, pulawo ndi mapazi a ng'ombe, ngakhale mbewu yosungidwa imene inayanikidwa pansi m'munda wa kaufiti. Limani munda wabwino poyamba, wa kaufiti pomaliza, ndipo palani matope pa zida musanasamuke. Ngati madzi akuchokera kwa anzanu akumtunda, mizere yotsata akalozera ndi udzu wa vetiva m'malire zimagwira dothi pamodzi ndi njere zake. Ndi bwino kukambirana nawo kuti muzizula nthawi imodzi, kapena kuitengera nkhaniyi ku kalabu ya alimi.

Mu Febuluwale, kaufiti akuonekera bwino, khomani zikhomo kuzungulira zigawo zimene wachuluka, chifukwa pofika Okutobala munda wonse umaoneka chimodzimodzi ndipo mudzaiwala. M'kati mwa zikhomozo ndi mmene mudzayambire kuika manyowa ndi zophimbira, ndipo mvula yobzalira ikadzagwa mudzabzalemo soya, mtedza kapena thonje tsiku lomwelo limene mukubzala chimanga mbali inayo.